Lipoti la Nandolo Likukana Kutuluka M'nyumba

Lolemba

M'mawa. Sabata ino ndi yanga! Ndaizunguliza pa kalendala ndi bolopeni yofiira.

Nkhani ili apa. Bungwe lathu likutseka ofesi ya pa Boma kumapeto kwa mwezi. Bwana Namakhwa a ku likulu ku Blantyre alamula kuti mlangizi amene atumize lipoti lake pa imelo ali kunyumba kwake, pofika Lachisanu 12 koloko masana, atsala kudera kwake, azigwira ntchito ali pakhomo. Wolephera asamukira ku Blantyre, akakhale pa desiki pamene bwana azimuona.

Ine ku Blantyre sindingapite. Ababa ndiwasiyira yani? Miyendo yotupa ija, khutu limodzi logontha, ndipo anandiuza kale kuti pa Migowi pano adzachoka atanyamulidwa. Manda a amayi ali pompano. Achimwene ali ku Joni, amaimba pa Khirisimasi.

Zida zanga:
1. Laputopu ya ku ofesi, yolemera ngati mwana wokwawa.
2. Chingwe chotuwa cholumikizira ku foni.
3. Pepala la a Kachingwe, katswiri wathu wa makompyuta ku likulu. Alembapo mayina a maseva, makompyuta akuluakulu odutsiramo makalata, ndi manambala.
4. Foni ya waya ya m'nyumba muno. Anzanga akuchita kupempha mafoni kwa ansembe ndi kwa ahedi. Ine ndili nayo pabalaza. Ndani angandipose?

Foniyi ndi ya ababa. Anagwira ntchito ku positi moyo wawo wonse, mpaka lero anthu amangowaitana kuti a Positi. Mafoni ndi awiri pa waya mmodzi: imodzi pabalaza, inayo yakuda, yachikale, yopukusa ndi chala, ili kuchipinda kwawo pafupi ndi bedi. Mudzi wonse umalandirira mauthenga pano, ndipo ababa ali ndi kope lolembamo: dzina, nthawi, nkhani.

Masana. Ndazula chingwe cha foni ya pabalaza, ndalowetsa cha laputopu. Ndikukopera zonse monga zilili pa pepala. Dzina. Pasiwedi. Seva yolandirira makalata. Seva yotumizira makalata.

Ndadina. Kompyuta ikuimba nambala yokha, kenako phokoso! Kulira kwake ngati nkhumba yomangidwa pa njinga ikupita ku msika. Yalumikiza. Yaduka. Kachiwiri, yaduka. Kachitatu chimodzimodzi.

Palibe kanthu, ndi tsiku loyamba. Ndalemba kalata yoyesera. Adiresi imene ndikuidziwa ndi imodzi yokha, ya bwana, ndiye ndalembera iwo: "Okondeka bwana, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi banja lonse. Kuno tili bwino, fumbi lokha. Iyi ndi kalata yongoyesera. Ine wanu womvera."

Yakhala m'bokosi la makalata otuluka. Ikudikira.

Ababa asuzumira: "Sitampa waimata pati?" Ndawafotokozera kuti kalata iyi siifuna sitampa. Iwo: "Ndiye siipita." Ndaseka kwambiri. Anthu akale!

Lachiwiri

Ndikuimbira a Kachingwe. Vuto ndi lakuti waya ndi mmodzi. Ndikamalankhula nawo, kompyuta singalumikize. Kompyuta ikalumikiza, sindingalankhule nawo. Ndiye ntchito ikuyenda motere: ndiimbe, andiuze, ndilembe, ndidule, ndizule chingwe, ndilowetse china, ndiyese, ikane, ndizule, ndilowetse, ndiimbe, apita kukamwa tiyi.

Kasanu ndi kawiri! Mawondo ada bii ndi kugwada pansi pa tebulo. Kutchalitchi sindinagwadepo chonchi.

A Kachingwe: "Ikuti chiyani kwenikweni?" Ndawawerengera chinambala chachitali chimene chatuluka pa sikirini. Iwo: "Aaa, imeneyo. Imeneyo siyenera kutuluka." Zikomo kwambiri achimwene, sukulu munapitadi.

Cha m'ma 11 koloko. Ababa agona pa mpando wa ndalema pakhonde, akuothera dzuwa. Ndayesanso. Yalumikiza, yakhazikika, osaduka! Kalata yalowa! Ndavina ndekha pabalaza ngati wamisala.

Ndi ya bwana, yopita kwa tonse. Akukumbutsa za Lachisanu, ndipo akuthokoza alangizi awiri amene atumiza kale. Awiri! Mmodzi wa iwo amalemba ndi chala chimodzi, mwezi wathawu ankandifunsa ine kuti mausi amagwidwa bwanji.

Ndiye kulandira ikulandira. Kutumiza ayi. Seva yotumizira ikuti siikundidziwa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikupalasa njinga m'minda ya nandolo chifukwa cha bungwe limeneli, kuchokera pa Migowi mpaka m'madambo a ku Chilwa, lero seva ikuti siikundidziwa.

Dzuwa lapendeka, ababa alowa kuchipinda kukapumitsa miyendo. Kuduka kuja kwayambiranso. Mwina ndi mphepo ya m'phiri ikugwedeza mawaya.

Kalata yachiwiri: "Bwana, ndikuyesanso."

Yachitatu: "Kuyesa."

Zonse zili m'bokosi. Zikudikira limodzi ndi mkulu wawo wa dzulo.

Lachitatu

Maliro. Kwa a Mulewa kuseri kwa chigayo amalume awo atisiya. Foni lero si yanga.

Abale ali ku Limbe, ku Zomba, ku Muloza, ena kutsidya ku Milanje. Ukauza mmodzi, amaimba asanu kufunsa kuti mwambo uli liti, thupi lili kuti, anadwala chiyani. Ababa avala jekete, akhala pafupi ndi foni, kope pamwendo, nkhope yantchito. Zaka khumi zachoka pathupi pawo. Ndingamuuze wamaliro kuti taimani kaye, ndikutumiza lipoti la nandolo? Anthu angandilavulire.

Ndapita kukakhuza. Ndatunga madzi, ndathandiza kuphika, ndabwerako 2 koloko.

Laputopu ndaipeza itafunditsidwa kansalu koluka, pamwamba pake duwa la pulasitiki. Ndi mai a Fanesi, oyandikana nafe. Akuti chinthu chodula sichikhala pambalambanda. Amuna awo ali ku Joni, amaimba Lachitatu kapena Loweruka kapena tsiku lina lililonse, ndiye iwo amakhala pakhonde pathu ndi zoluka zawo kudikira. Lero andiuza: "Mukamaliza zoliza-lizazo mundiuze. Bambo a Fanesi akapeza foni yotanganidwa aziganiza kuti ndikulankhula ndi amuna ena."

Ndayesa kanayi. Kuduka kanayi.

Tikudya nyemba za kalongonda zimene mai a Fanesi atipatsa, ababa akundionetsa kope: "Pali munthu wamwano akumaimba kuno chiyambire Lolemba. Ndikanyamula salankhula, amangofwenthera." Alemba bwinobwino mizere yambirimbiri: Wosadziwika. Sanalankhule. Wosadziwika. Sanalankhule. Ndati mwina ndi zidakwa za pa msika. Ine mutu uli ku seva.

Koma ndazindikira chinthu chimodzi. Bokosi la makalata otulukali lilibe khomo lotulukira. Chimene waikamo chimafera momwemo. Ndiye bwanji osapepukitsako mtima?

Yachinayi: "Bwana, kodi inuyo munayesapo kutumiza imelo muli pa Migowi, kapena mumangolamula muli pa mpando wozungulira uja?"

Yachisanu: "Bwana, nandolo simumudziwa. Tsiku lija munabwera kudzaona kalabu ya amayi, munaima m'munda wa chinangwa n'kumayamikira kuti nandoloyu wakula bwino. Amayi aja anaomba m'manja chifukwa cha ulemu. Mpaka lero akakumana pa mjigo amaseka."

Yachisanu ndi chimodzi: "Ndipo tayi wobiriwira uja muzimusiya kunyumba."

Eee, mtima wapepukadi! Bola ndikanayamba Lolemba.

Lachinayi

Ndadzuka ndi maganizo akuba. Ndipite pa Boma, ndikatumizire pa foni ya ku ofesi, ndidzanene kuti ndinali kunyumba. Adziwa ndani?

Minibasi yatenga ola lathunthu kuti idzaze. Ndakhala pakati pa thumba la nandolo ndi dengu la matemba a ku Chilwa, laputopu pamiyendo, wina wandisungitsa nkhuku.

Pa ofesi: mipando yasanjikizidwa, mafayilo ali m'makatoni, foni anaidula kale Lolemba. Mlonda: "Amayi, ngakhale wotchi ya pakhoma yapita." Chabwino, Mulungu wandiletsa kuchimwa. Koma akanatha kundiuza ndisanakwere minibasi.

Ndabwerera ndikununkha matemba.

Ndaimbira a Kachingwe. Kulibe, ali ku semina ku Liwonde mpaka Lolemba. Asa! Sekilitale wa ku likulu akuti a Kachingwe andisiyira kapepala, akundiwerengera: "Amayi a ku Migowi achonge kabokosi konena kuti seva yotumizira imafuna pasiwedi. Akachonga zonse ziyenda." Ndafunsa kuti kabokosiko kali pati. "Sanalembe."

Ndasaka masana onse. Ndatsegula paliponse potseguka. Zimene ndapeza:
Posinthira kukula kwa zilembo.
Poikira maluwa m'mbali mwa kalata.
Kalendala ya chaka cha mawa.
Masewera a makadi. Ndawina kawiri, Ambuye andikhululukire.
Zimene sindinapeze: kabokosi.

Ndayesabe kulumikiza katatu, mwina seva yasintha maganizo. Kuduka. Waya ameneyu ali ndi chidani ndi ine.

Madzulo ndikuwathowa ababa miyendo ndi madzi ofunda. Yatupa kuposa sabata yatha, ukadina chala pamatsala dzenje. Iwo akuyang'ana kudenga: "Ukapita ku Blantyre uzidzaimba. Ine ndidzayankha isanalire kachiwiri." Ndathawira kukhitchini. Ndalira pang'ono, ndanamizira utsi. Ndikuopa, ndilembe poyera. Ndikuopa kuti adzagwa m'bafa tsiku lina, ine ndili pa desiki ku Blantyre, ndipo uthenga udzandipeza pa foni yomweyi.

Yachisanu ndi chiwiri: "Bwana, muli ndi bambo inu? Munawathowapo miyendo?"

Mawa ndi mawa.

Lachisanu

6 koloko. Lipoti lakonzeka. Masamba asanu ndi anayi, zithunzi zitatu za nandolo weniweni. Ndaliika m'bokosi. Ndapemphera, ndasanjika dzanja pa laputopu.

7 koloko. Magetsi athima. Lero! Mwa masiku onse a Mulungu, lero!

Batire imakhala mphindi makumi anayi ikakondwa. Ndiyese msanga. Chigayo chaima, wailesi ya ababa yaima, mudzi wonse uli zii. Ndadina. Kompyuta ikuimba nambala. Ndipo koyamba sabata yonseyi ndikumva kanthu kuseri kwa khoma: ngili-ngili-ngili. Kenako bedi kulira, kenako mawu amphamvu a ku positi:

"Halo! Halo! Migowi pano, lankhulani!"

Yaduka.

Ndadinanso kuti nditsimikize. Ngili-ngili-ngili. "Halo! Ndinu yani kodi? Mulibe mwambo?" Yaduka.

Kalanga ine! Kompyuta ikamaimba nambala, belu la foni yakuda ija limagwedezeka pang'ono. Ababa amanyamula. Akanyamula, kulumikiza kumaduka. Si mphepo ya m'phiri. Munthu wamwano wa m'kope uja, wosadziwika, wosalankhula, ndine. Lachiwiri zinayenda chifukwa anali atagona pakhonde.

Ndakalipa. Ndawakalipira ababa, ine, mokweza, mpaka mai a Fanesi aimitsa zoluka pakhonde. Ndati sabata yonse ndikukwawa pansi pa tebulo chifukwa cha inu. Ndati ndikuvutikira inu nomwe ndipo inu nomwe mukunditumiza ku Blantyre. Ndati foniyo musadzaigwirenso. Zina sindilemba.

Ababa, foni ili m'manja: "Foni ikalira imayankhidwa. Ungadziwe bwanji kuti si maliro?" Kenako aiika pansi pang'onopang'ono, atembenukira kukhoma, akung'ung'udza za Chilomwe zimene amayi okha ankazimva.

Ndayesanso. Tsopano siikuduka. Yakhazikika bwinobwino kuti indiuze mosathamanga kuti seva siikundidziwabe. Kabokosi kaja! Ndasaka, ndasaka, sikirini yada. Batire yatha.

12 koloko yandipeza pakhonde ndikusankha nandolo m'lichero. Belu la ku sukulu lalira. Mai a Fanesi sakundiyang'ana.

3 koloko magetsi ayaka, opanda manyazi. Ndaimbira sekilitale wa bwana. Akuti bwana ali ku msonkhano, koma anena kuti akamatsegula kompyuta Lolemba 8 koloko alipeze lipoti, apo ayi ndiyambe kumanga katundu. Mpata wina. Sindikudziwa ngati ndi chifundo kapena akungofuna kuti ndivutike mpaka Lamulungu.

Lipoti ndalichotsa kaye m'bokosi, pali tsamba lina ndikufuna kukonza. Pamalo pake ndaikapo izi.

Yachisanu ndi chitatu: "Bwana, 12 koloko yadutsa. Sangalalani. Desiki yanuyo mukhalepo nokha, inu ndi a Kachingwe ndi seva yanu, muzidziwana nokhanokha."

Yachisanu ndi chinayi ili ndi liwu limodzi lokha, dzina la chiweto. Sindilibwereza muno.

Ababa sanadye. Ndawasiyira mbale pa mpando, ndaipeza momwemo.

Loweruka

Ababa sakulankhula. Amwa tiyi, abwerera kuchipinda, akhala pa bedi, manja pa mawondo. Ndati mwadzuka bwanji, ati "Tadzuka." Basi. Bola akanandikalipira.

Ndachapa. Ndasesa. Ndakhalanso pa laputopu popanda chiyembekezo chilichonse.

10 koloko. Ndakapeza! Kabokosi! Kanabisala kuseri kwa batani lina limene lili kuseri kwa batani linzake, pa tsamba lachitatu, pansi penipeni. Kochepa ngati njere ya therere. Sabata yonse ya moyo wanga ili m'kanthu aka. Ndachonga. Ndabwezera lipoti m'bokosi, lakhala pansi pa anzake, nambala teni.

Ndapita pakhomo la chipinda: "Ababa, ikalira musaigwire, chonde." Iwo: "Ndinamva dzulo."

Ndadina. Ngili-ngili-ngili kuseri kwa khoma. Zii. Nkhumba yalira, yatonthola. Yalumikiza. Pa sikirini patuluka mawu amene sindinawaonepo: ikutumiza kalata 1 mwa makalata 10.

Nthungululu! Ndaimirira, mpando wagwa. 2 mwa 10. Mai a Fanesi asuzumira pa windo. 3 mwa 10. Ndikuvina, ndikuti Ambuye ndinu wabwino, sindipita, sindipita!

4 mwa 10.

Taimani. Yachinayi ndi iti?

Mpando wozungulira. Mayo ine!

Mausi akuthawa m'manja, batani loimitsira silikuoneka. 5 mwa 10, chinangwa chapita. Ndakuwa: "Ababa! Nyamulani foni! Nyamulani!"

Kuchipinda, modekha: "Unandiletsa."

6 mwa 10, tayi wapita. "Ababa, ndagwira mwendo wanu, nyamulani!"

"Unati ndisadzaigwirenso."

7. 8. Timakalata tating'ono timathamanga bwanji! Sabata yonse tinali chigonere, lero tikupikisana. 9, chiweto chapita. Ndadziponya pansi pa tebulo, ndagwira chingwe, ndakoka ndi mphamvu zanga zonse. Chazuka pamodzi ndi kabokosi ka foni ka pakhoma ndi chigamphu cha pulasitala. Timawaya tiwiri tili lendelende.

Ndadzuka, fumbi m'mutu. Pa sikirini: makalata otumizidwa, 9. Makalata otuluka, 1. Lipoti. Linali litayenda theka, zithunzi zija zimalemera. Ndikanangokhala pansi manja pa mawondo ngati ababa, bwenzi litafika.

Ndalumikiza timawaya ndi selotepi. Palibe. Foni ya pabalaza yafa, yakuda yafa. Okonza mafoni sagwira ntchito Loweruka, ndipo kuti uwaitane pamafunika foni.

Mai a Fanesi pa windo: "Ndiye bambo a Fanesi akaimba?"

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Potuluka anthu atatu andifunsa za foni. A Mulewa akuti mwamwayi maliro anatha Lachinayi. Mai a Fanesi andipatsa moni wa kumutu.

Zimene bwana apeze mawa 8 koloko, motsatana: moni kwa banja lonse, kuyesanso, kuyesa, mpando, chinangwa, tayi, miyendo ya ababa, desiki, chiweto. Lipoti ayi.

Ndaganiza zolemba kalata yopepesa. Ndiitumiza bwanji?

Za ku Blantyre ndasiya kuda nazo nkhawa. Munthu amene wamutchula dzina la chiweto sakuikira desiki pafupi ndi yake. Ndimafuna kukhala pakhomo ndi ababa. Zikuoneka kuti ndikhaladi, Lolemba mpaka Lamulungu, popanda lipoti lotumiza kwa wina aliyense. Tidya chiyani, sindikudziwa. Nandolo ndimamudziwa, munda wa amayi ulipo.

Masana ababa atuluka okha m'chipinda, avala magalasi, m'manja muli mapepala a mizere ndi cholembera chawo cha inki. Akhala pa tebulo: "Tawerenga, ine ndizilemba." Za Lachisanu sanatchule. Ine ndayamba kuti ababa pepani, iwo: "Tsamba loyamba."

Ndikuwerenga pa sikirini, iwo akulemba. Zilembo zopendekera bwino, zofanana, zoti sindinazionepo pa kompyuta iliyonse. Masamba asanu ndi anayi atenga masana onse. Pa zithunzi alemba kuti: Nandolo alipo, bwerani mudzamuone.

Afunsa kuti m'makalata apita aja munali chiyani. Ndawauza onse. Pa chinangwa aseka mpaka kutsokomola, ndachita kuwapatsa madzi. Pa chiweto apukusa mutu. Pa ya miyendo angovula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali.

Kenako: "Ku positi munthu akaponya kalata atakwiya, amabwera m'mawa kudzapempha, timamubwezera thumba lisanamangidwe. Yakoyi ilibe thumba?"

Ilibe, ababa.

Atenga envulopu ya khaki m'sutikesi, alemba adiresi, atulutsa sitampa m'kachitini ka mankhwala a chifuwa. "Mawa ukaponye isanakwane 9 koloko. Ifika Lachinayi."

Lachinayi. Ndati zikomo ababa, ndikaponya.

Anyambita sitampa, aimata pakona, aisindikiza ndi chala chachikulu. Yawongoka bwino.